Ndodo Patsogolo, Phazi Pambuyo

Moni inu a kwa Zingalume, a kwa Mlolo, a kwa Mwangala, a pa Boma la Chadiza, ndi inu amene mawu athu akukupezani cha ku Chanida ndi kutsidya kwa malire.

Mwezi wa Malichi walowa. Chiletso cha usodzi chimene boma limaika chaka ndi chaka kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale chatha, ndipo mbedza, miono ndi maukonde zatuluka m'nyumba. Palibe wodabwa. Miyezi itatu ya nkhwani ndi therere yakwana, nkhuli yafika pakhosi, ndipo kandalama ka milamba ndi matemba kakufunika pakhomo chimanga chisanaume. Vuto ndi loti chiletso chimatha mvula isanathe. Mitsinje idakali yodzaza, nthaka yakhuta madzi moti mvula iliyonse ikagwa imangothamangira kukhwawa, ndipo damu la Nsadzu pamodzi ndi timadamu ta m'midzi tili m'khosi. Pa nyengo ngati ino mtima wanga sukhala m'malo, chifukwa anthu akuthamangira kumadzi pa nthawi imene madziwo ali ndi mphamvu zawo zonse.

Ndiloleni ndikutengereni kutali pang'ono, kwa asodzi anzathu amene vuto lawo likuoneka lachilendo koma ndi lathu lomweli.

Ku Canada, ku Finland, ku Russia ndi kumpoto kwa dziko la America, miyezi yomwe ife tili m'dzinja kumakhala kuzizira koti pamwamba pa nyanja pamauma gwa, madzi n'kusanduka ayezi. Ayezi ndi wopepuka kuposa madzi, choncho amayandama pamwamba n'kuphimba nyanja yonse, koma pansi pake madzi amakhala madzi ndithu, nsomba zikusambira. Anthu a kumeneko amayenda ndi miyendo pamwamba pa nyanjayo, kuboola una waukulu ngati mbale ya nsima, kutsitsamo mbedza, n'kukhala pansi kudikira. Pansi pa mapazi awo pamakhala madzi akuya mamita ambirimbiri, ozizira koti munthu akagweramo mpweya umamubanika nthawi yomweyo.

Taonani zimene msodzi wodziwa amachita akafika m'mphepete mwa nyanja yotere. Saponda kaye. M'manja amakhala ndi chitsulo chachitali, cholemera, chosongoka kunsonga. Amabaya nacho patsogolo pake mwamphamvu, kamodzi, kawiri, katatu. Madzi akangotumphuka, amabwerera podzera momwe anadzera. Pakalimba, amasuntha pang'ono n'kubayanso. Akapita patsogolo amaboola bowo, kulowetsamo tepi yokhala ndi ngowe kunsonga, kukola kunsi kwa ayeziyo, n'kuwerenga kuchindikala kwake. Nthambi ya boma yoona zachilengedwe ku Minnesota, ku America, imalangiza kuti ayezi watsopano, woonekera mkati, akapanda kufika masentimita 10 munthu asapondepo. Galimoto yaing'ono imafuna masentimita 23 mpaka 25. Ayezi woyera mbuu, wosakanikirana ndi chipale, mphamvu yake ndi theka chabe, ndiye manambala onsewo amawachulukitsa kawiri. Ndipo kuyesa kamodzi sikukwana. Amati uziyesanso ukayenda mamita 45 aliwonse, chifukwa pano pangachindikale masentimita 30, pamene mapazi ochepa patsogolo, pomwe mtsinje ukulowa m'nyanja kapena pomwe kasupe akutumphuka pansi, pali masentimita atatu okha. Ukayang'ana ndi maso, malo awiriwa amafanana.

M'khosi msodziyo amakolekamo timisomali tiwiri ta zigwiriro, toti akagwera m'madzi abaye nato ayezi n'kudzikoka. Amatenga chingwe. Sapita yekha, ndipo kunyumba amasiya mawu a komwe walowera ndi nthawi yobwerera. Munthu ameneyu wabadwira komweko, nyanjayo amaidziwa kuyambira ali mwana, komabe tsiku lililonse amaiyesa mwatsopano.

Akaleka kuyesa, nawonso zimawaonekera. Pa 7 Febuluwale 2009, panyanja ya Erie, kufupi ndi gombe la Ohio, asodzi anapeza mng'alu pa ayezi. Anauona ndi maso awo. M'malo mobwerera, anayala matabwa pamng'alupo n'kuwoloka, poti nsomba zinali kutsogolo. Obwera pambuyo ataona kuti anzawo adutsa bwinobwino, nawo anadutsa. Kenako mphepo inatembenuka, mng'alu uja n'kukula, chigawo chonse cha ayezi n'kuyamba kuyandama kulowera pakati pa nyanja anthu ali pomwepo. Anthu 134 anachita kukawatenga ndi ndege ndi maboti, ndipo mmodzi anamwalira. Mu Epulo 2012 zoterezi zinachitikanso pachilumba cha Sakhalin ku Russia, kumene asodzi 675 anapulumutsidwa.

Kwathu kuno madzi saundana. Chisanu cha Juni ndi Julaye chimangopsereza masamba kudimba basi. Koma amene mwamva nkhani ya matabwa aja mwaizindikira, chifukwa mawu akuti "anzathu awoloka pomwe pano" timawamva padooko chaka chilichonse. Awoloka inde, koma awoloka nthawi yanji? Mtsinje wa m'mawa si mtsinje wa masana. Mvula ingagwe kumapiri, kutali koti kuno dzuwa likuswa mtengo, koma pakapita maola ochepa madzi ake afika padooko panu. Mchenga umene unali pansi dzulo, usiku madzi aukokolola n'kusiyapo dzenje. Mlatho wa kalavati umene madzi akudutsa pamwamba pake mwina mbali imodzi yadyeka kale, ndipo madzi ofiira sakuonetsani.

Ambiri timayesa madzi ndi kuya kokha. Timati afika m'mawondo, ndi ochepa. Chimene chimagwetsa munthu ndi liwiro. Madzi akawirikiza liwiro kawiri, mphamvu imene amakankhira miyendo yanu imachuluka kanayi. A zanyengo a ku America amachenjeza kuti madzi othamanga akuya masentimita 15 okha, ongopitirira pang'ono m'kakolo, angathe kugwetsa munthu wamkulu. Masentimita 30 amatenga galimoto yaing'ono. Masentimita 60 amatenga ndi zazikulu zomwe. Tsono ganizirani za njinga yamoto ya honda yonyamula anthu atatu ndi thumba la feteleza, kapena ngolo imene ng'ombe zake zikuchita mantha. Ganizirani za mayi wobereka mwana kumbuyo, mtolo uli pamutu, manja onse ali otanganidwa.

Makolo athu ankayesa. Ndinaonapo mkulu wina, wa imvi zake, atafika padooko mvula itagwa usiku. Anathyola kamtengo n'kukazika pomwe madzi akulekezera, kenako anakhala pamwala n'kuyamba kufwenkha fodya. Achinyamata amene anali naye anatekeseka. "Agogo, tiyeni, tichedwa kumsika." Iwo anangoti, "Dikirani, ana anga, timve kaye zimene mtsinje ukunena." Patapita kanthawi anakayang'ana kamtengo kaja, n'kupeza madzi akakwera pafupifupi chala chathunthu. Anatinso tiyang'ane zimene madzi akunyamula: mapesi, thovu, nthambi zaziwisi zamasamba. Anati timvetsere phokoso la miyala ikugubuduzika pansi. Sitinawoloke. Dzuwa litapendeka madzi anali atatsika kusiya kamtengo kaja pouma, ndipo pamenepo mkuluyo anadula nsungwi yaitali kumuposa, n'kulowa akuyang'ana kumtunda komwe madzi akuchokera. Nsungwi ankaizika patsogolo, akamva kuti yagwira pansi polimba ndiye n'kukhwekhwereza phazi limodzi, kenako linalo, osatukula mwendo m'mwamba, osapingasa miyendo. Malo ena nsungwi inalowa osagunda pansi, iwo n'kukhota. Ife tinkaponda momwe iwo aponda.

Nzeru imeneyi ikutha, ndipo ikutha chifukwa tonse tili pachangu. Timitsinje tathu tambiri timadzaza msanga n'kuphweranso msanga. Maola awiri kapena atatu odikira padooko ndi otsika mtengo kwambiri, kungoti amene wadikira timamutcha wamantha, ndipo mnyamata safuna kutchedwa wamantha atsikana akuona.

Kudamu nkhani yake ndi ina. Madzi a m'damu amakhala bata, ndipo bata limenelo ndilo limanyenga. Madamu athu adzaza matope chifukwa cha kulima m'mphepete ndi kudula mitengo kumtunda. Matope amenewo ndi ofewa ndiponso akuya. Phazi likalowa, pofuna kulizula linzake limalowanso, ndipo munthu amamira pamalo pamene madzi enieni sanafike ndi pachifuwa pomwe. Pansi pa damu pamadutsa khwawa lakale la mtsinje umene anautseka. Munthu amayenda madzi ali m'chiuno, kenako phazi limodzi lokha n'kupezeka ali paphompho. Kufupi ndi khoma ndiko kumakhala kwakuya kwambiri, ndipo potayira madzi, damu likasefukira, simenti yake imakhala yandere, yoterera, madzi akukoka. Pamenepo m'pamene ana amakonda kukagwira tinsomba totsetsereka ndi madzi. Ndikupemphani, makolo, pamenepo pokha aletseni ndi mawu amphamvu.

Ndiye pali ukonde. Anthu awiri akukoka ukonde kapena neti ya udzudzu, yomwe kuwedzera kwake n'koletsedwa kale, mmodzi kumtunda wina kwakuya. Ukonde wakola pachitsa pansi pa madzi. Wakwakuyayo akuti ndimire ndikaukole. Akafika pansi saona kanthu, ulusi umamukulunga chala kapena mwendo, ndipo mpweya umene anatenga sukwana mphindi imodzi. Ukonde ukakola, ukokeni muli poima, ung'ambike ngati ukung'ambika, mudzausoka. Amene amalowa m'madzi ndi maukonde azikhala ndi kampeni kakuthwa komangirira m'chiuno. Ndipo chingwe cha ukonde musachimange padzanja kapena m'chiuno, chigwireni mongofumbata kuti chikakukokani muchitaye.

Za mowa ndinene mosapsatira. Kachasu amanamiza thupi kuti lafunda ndiponso kuti lili ndi mphamvu, pamene miyendo yafooka ndipo mutu sukuyeza bwino mtunda. Wochokera kumowa usiku asawoloke mtsinje. Inu amene mwamugulitsa mowawo, mpatseni mphasa agone pakhonde. Abale athu odwala khunyu nawonso asamapite okha kukawedza, kukasamba kapena kukatunga, chifukwa akagwa ngakhale madzi a m'beseni angawatenge. Ndipo khunyu sapatsirana pogwirana. Munthu akagwera m'madzi matenda atamugwira, mutulutseni, musaime patali.

Tsono ngozi ikachitika, apa m'pamene maliro amodzi amasanduka awiri. Mwana akumira, mkulu wake adumphira, womirayo amugwira pakhosi ndi mphamvu za mantha, onse n'kupita. Asodzi a pa ayezi aja amaphunzitsidwa kuti mnzako akagwera usamuthamangire, chifukwa pomwe pamuswekera iye pakuswekeranso iwe. Gona chafufumimba patali, umuponyere chingwe kapena umutambasulire mtengo. Ifenso n'chimodzimodzi. Kuwani kuti anthu abwere. Gonani pansi pagombe kuti asakukokereni m'madzi, mumupatse nsungwi, nthambi, kapena chitenje chopota. Chigubu cha malita 20 chopanda kanthu, chotseka bwino, chimayandamitsa pafupifupi makilogalamu 20, ndipo zimenezo n'zokwanira kuti mutu wa munthu wamkulu ukhale pamwamba pa madzi. Zigubu zotere zili pakhomo lililonse. Bwanji aliyense wopita kukawedza asatenge chimodzi, atachimanga chingwe chachitali pachigwiriro?

Mukamutulutsa, musataye nthawi ndi kumuzondotsa kapena kumupsinja pamimba kuti asanze madzi. Chimene thupi lake likusowa ndi mpweya. Mugonekeni chagada, mupendeketse mutu chakumbuyo, muone ngati akupuma. Ngati sakupuma, mutsineni mphuno, mumuuzire mpweya m'kamwa mpaka chifuwa chikwere, kenako dinikizani pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mofulumira ka 30, mpweya kawiri, ka 30, mpweya kawiri, osaleka. Ngati akupuma, mugonekeni cham'mbali, mumuvule zonyowa, mumufunditse. Ndipo ngakhale atadzuka n'kuyamba kulankhula, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa madzi amene alowa m'mapapo angathe kumuvutitsa kupuma patapita maola. Azaumoyo a m'zipatala zathu za m'midzi angathe kutionetsa zimenezi ndi manja, tikawapempha kuti tsiku la sikelo apatule kanthawi.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, likuti m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, chigawo cha Africa ndicho chili pamwamba. Chaka chomwecho United Nations inasankha 25 Julaye kukhala tsiku lokumbutsana za kupewa kumira. Dziko lathu lili ndi zipsera zake. Pa 24 Okutobala 2014, tsiku limene Zambia inkakondwerera zaka 50 za ufulu, anthu 26, ambiri mwa iwo ana asukulu, anamira panyanja ya Kariba m'boma la Gwembe akupita kuchikondwererocho. Kumapeto kwa Malichi 2023 anthu 14 a kwaya ya mpingo anamira panyanja ya Bangweulu. Patangopita masabata awiri, kwa anansi athu ku Mchinji, bwato lonyamula anthu opita kumaliro linagubuduzika mumtsinje wa Rusa. Ngozi zimenezi zinamveka pawailesi chifukwa anthu anafa ambiri nthawi imodzi. Koma mwana mmodzi womira m'dzenje la njerwa kuseri kwa mudzi, kapena bambo mmodzi wotengedwa padooko, amalira ndi a pamudzi pokha, ndipo chaka chamawa dzenje lomwelo ndi dooko lomwelo zimakhala zili chikhalire.

Pamaliro otere mumamveka mawu akuti madzi anamuitana, kapena kuti pali dzanja la munthu. Sindinyoza za makolo. Maiwe amene akuluakulu ankati ndi a mizimu, osasambamo, osawedzamo, ambiri mwa iwo ndi akuya, ozungulira madzi, ena okhala ng'ona, ndipo mwambo umenewo unasunga ana ambiri. Chimene ndikukana ndi kutha sabata yathunthu tikusakasaka gogo woti timuloze chala, pamene palibe ndi mmodzi yemwe amene wapita kukaona pomwe mwanayo anaterereka. Akulu anati mtsinje wa Tinkanena unathera mu Siizi. Dooko loopsa mudzi wonse umalidziwa, ndipo timalinena, koma timalinenera pamaliro.

Komanso tisamangodzudzula owoloka. Mwana wa giredi 3 salowa mumtsinje chifukwa chokonda madzi. Sukulu ili kutsidya, ndipo akuopa kulembedwa kuti wajomba. Mayi wapakati sawoloka usiku mwa chibwana. Chipatala chili kutsidya. Aphunzitsi akulu, nenani poyera kwa makolo ndi ana kuti tsiku limene mtsinje wadzaza, mwana wokhala kutsidya akapanda kubwera salakwa. Ndipo mvula ikagwa ana ali m'kalasi, musawatulutse kuti athamangire kwawo. Asungeni mpaka wamkulu akaone dooko, ngakhale zitatanthauza kuti agone kwa achibale tsidya lino.

Milatho ndiyo yankho lenileni, ndipo tili ndi poyambira. Thumba la chitukuko la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'chaka cha 2022, ndipo lakhala likukwerabe. Zopempha zimayambira kumakomiti a chitukuko a m'mawodi. Tikapita kumisonkhano imeneyo, pambali pa zipinda zophunziriramo ndi mijigo, titchulenso maina a madooko amene ana athu amadutsa. Ofesi yoona za ngozi zadzidzidzi, DMMU, nayonso iziuzidwa za malo amenewa mvula isanawononge, osadikira kuti ibwere ndi matenti.

Koma mlatho umatenga zaka, ndipo Malichi ndi uno. Pali chinthu chimene mudzi ungachite Loweruka likubwerali popanda kulembera kalata wina aliyense. Anyakwawa, itanani anthu, mutenge mkulu amene amaudziwa mtsinjewo, mupite padooko madzi ataphwera. Zikani mtengo wolimba, kapena chitsulo ngati chilipo, mbali zonse ziwiri, pomwe munthu angauone asanalowe m'madzi. Mugule katini ka penti wofiira. Pamtengopo lembani mzere, ndipo mudzi ugwirizane kuti madzi akaphimba mzerewo palibe kuwoloka, kaya ndi wa honda, kaya ndi wa ngolo, kaya ndi mbusa wothamangira kutchalitchi. Pamtengo wapafupi kolekanipo nsungwi yaitali ndi chigubu cha chingwe, ndipo amene adzachibe akaonekere kubwalo. Kudamu chitani chimodzimodzi: zikani mitengo yosonyeza pomwe khwawa lakale likuyambira ndi pomwe matope ali akuya. Maenje a njerwa ndi a mchenga amene ali pafupi ndi nyumba akwiriridwe kapena atchingidwe ndi minga, ndipo zitsime za kudimba zivundikiridwe.

Mzere wofiirawo musauyesere pa mwendo wa bambo. Itanani mwana wamng'ono kwambiri mwa ana amene amawoloka pamenepo popita kusukulu, aime pafupi ndi mtengowo pomwe dooko lili lakuya, ndipo penti mupake pansi pa bondo lake. Mvula yaikulu iliyonse ikadutsa, wina apitenso ndi nsungwi akaone ngati mchenga wa pansi sunasunthe, chifukwa ukasuntha mzerewo uyenera kusunthanso.